Kodi Kudzutsa Makompyuta Akale Kuli ndi Phindu Masiku Ano?

M'maofesi, m'masukulu ndi m'matchalitchi ambiri a ku Naperi, Chitawira, Soche mpaka ku Limbe simulephera kukhala ngodya imene munaunjikidwa makompyuta osagwiritsidwa ntchito. Ena anafa ndithu, ena amayaka koma amachedwa moti eni ake anatopa nawo. M'madera omwewa mumakhala ophunzira a ku MUBAS ndi ku Kamuzu University of Health Sciences amene akusowa polembera ntchito za kusukulu chifukwa mtengo wa laputopu yatsopano sugwirika. Funso ndi lakuti, kodi ndi nzeru kuwononga ndalama ndi nthawi pokonza makina akalewa pamene atsopano ndi othamanga kwambiri, kapena ndi bwino kungowasiya? Nkhani ino ikuonetsa kuti kuwerenga zaka za kompyuta pakokha sikuyankha funsoli. Tiyenera kuona ntchito imene tikufuna kuti igwire, magetsi amene idzadye, chitetezo chake, komanso kumene idzathere ikadzafa.

Makompyuta akale sali gulu limodzi

Mkanganowu umasokonekera chifukwa mawu akuti "akale" amaphimba makina osiyana kwambiri. Gulu loyamba ndi la makompyuta a m'nthawi ya Pentium III ndi Pentium 4, opangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mpaka cha m'ma 2005. Ambiri anabwera ndi Windows XP, sikirini yaikulu ya chimbuyo, ndi RAM yosapitirira 1GB. Gulu lachiwiri ndi la Core 2 Duo, pulosesa imene inatuluka mu 2006, ndipo makina ake ali pamalire: ena amadzuka bwino, ena ayi. Gulu lachitatu ndi la Core i3, i5 ndi i7 a kuyambira cha m'ma 2011, omwe ndi ambiri mwa malaputopu amene ogulitsa a mu Blantyre ndi Limbe amawatchula kuti ex-UK. Kudzutsa kompyuta nakonso kuli pamitundumitundu. Kukhoza kutanthauza kuipukuta fumbi ndi kuikamo mapulogalamu mwatsopano, kusintha ziwalo monga hard disk ndi RAM, kapena kuipatsa ntchito ina yosiyana ndi imene inapangidwira. Munthu akanena kuti kudzutsa makina akale n'kutaya nthawi, ndi bwino kumufunsa kaye kuti akunena gulu liti ndiponso kudzutsa kwa mtundu wanji.

Mmene makina akhala akusinthira

Mu 1965 Gordon Moore, amene pambuyo pake anayambitsa nawo kampani ya Intel, anaona kuti chiwerengero cha matransistor okwana pa kachipangizo kamodzi chimawirikiza kawiri pakapita nthawi yochepa, ndipo mu 1975 ananena kuti nthawiyo ndi zaka ziwiri. Pulosesa ya Intel 4004 ya mu 1971 inali ndi matransistor 2,300, pamene mapulosesa a lero ali ndi mabiliyoni. Kwa zaka zambiri kuchuluka kumeneku kunkayendera limodzi ndi liwiro, choncho kompyuta ya zaka zisanu inkakhala yotsalira kwambiri. Koma cha m'ma 2005 opanga makina anafika pamene sakanatha kupitirira. Kuwonjezera liwiro kunkachititsa kuti pulosesa izitentha mopitirira muyeso ndi kudya magetsi ochuluka. Pentium 4 inafika pa 3.8GHz, ndipo makompyuta wamba a lero sanapite kutali kwenikweni ndi nambala imeneyi. Kuchokera pamenepo opanga anayamba kuika mapulosesa angapo m'kachipangizo kamodzi ndi kuchepetsa magetsi amene makina amadya.

Mbiri imeneyi ndi imene ikufotokoza chifukwa chake yankho silili limodzi. Kusiyana kwa kompyuta ya 1998 ndi ya 2008 ndi kwakukulu pa ntchito ina iliyonse. Kusiyana kwa kompyuta ya 2013 ndi ya 2023 kumaonekera kwambiri pa ntchito zolemera monga kukonza makanema, kujambula mapulani a nyumba ndi masewero amakono, koma polemba kalata, powerengetsa ndalama za shopu kapena powerenga manotsi, kusiyanako ndi kochepa. Komanso chimene chimachedwetsa makina ambiri a m'gulu lachitatu si pulosesa. Ndi hard disk, imene ili ndi mbale zozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi ndi kamkono kamene kamayenera kuyenda kufunafuna zimene zasungidwa. SSD, yomwe imaikidwa m'malo mwa hard disk, ilibe chiwalo choyenda, ndipo imapeza zinthu pompopompo. N'chifukwa chake laputopu ya zaka khumi imasintha kwambiri mukangoikamo SSD ndi kuwonjezera RAM.

Zimene zachitika kuno kwathu

Dziko la Malawi lili ndi chitsanzo chabwino cha makina otayidwa amene anapatsidwa moyo wina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health, limene linayambitsidwa ndi Gerry Douglas, linatenga timakina totchedwa i-Opener tomwe tinali titasiya kugulitsidwa ku America, n'kutiikira sikirini yogwira ndi chala kuti tizilembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Mu 2006 njira yolembera odwala olandira ma ARV pa makina ogwira ndi chala inayamba kugwira ntchito pa Queen Elizabeth Central Hospital, pafupi ndi Naperi pomwepa. Timakinati tinalibe mphamvu zambiri. Tinathandiza chifukwa tinkadya magetsi ochepa, tinkatha kuyendera mabatire magetsi akathima, tinali ndi ntchito imodzi yodziwika bwino, ndiponso panali amisiri a pompano otisamalira.

Njira ina imene makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito afikira kuno ndi ya mphatso. Mabungwe a ku Britain monga IT Schools Africa ndi Turing Trust akhala akutolera makompyuta amene makampani asiya, kuwafufuta, kuwakonza ndi kuwatumiza m'masukulu a m'Malawi, ndipo Turing Trust yagwirapo ntchito ndi bungwe la Centre for Youth and Development la ku Mzuzu. Masukulu a sekondale amawafuna chifukwa phunziro la makompyuta pa mayeso a MSCE lili ndi gawo lochita pamanja, limene mwana sangaliphunzire pa bolodi pokha. Njira yachitatu ndi msika. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kunawonjezera vutolo. Kompyuta iliyonse yatsopano imagulidwa ndi madola. Imene ili kale m'dziko muno inalipiridwa kalekale, ndipo ndalama zoikonzera zambiri zimapita m'thumba la mmisiri wa ku Limbe kapena ku Ndirande.

Mfundo za amene amati makina akale adzutsidwe

Mfundo yoyamba ndi ya ndalama, monga taonera. Wophunzira amene sangakwanitse laputopu yatsopano sakusankha pakati pa yakale ndi yatsopano. Akusankha pakati pa yakale ndi kukhala wopanda chilichonse. Foni imathandiza powerenga ndi potumizirana mauthenga, koma kulemba lipoti la masamba makumi atatu, kuphunzira kupanga mapulogalamu kapena kusunga mabuku a ndalama pa foni ndi ntchito yowawa. Mfundo yachiwiri ndi ya chilengedwe. Kafukufuku wa Eric Williams wa ku United Nations University, amene anafalitsidwa mu 2004, anapeza kuti kupanga kompyuta imodzi ya patebulo ndi sikirini yake kunkafuna makilogalamu 240 a mafuta ndi malasha, makilogalamu 22 a mankhwala ndi malita 1,500 a madzi, ndipo kuti mphamvu zambiri zimene kompyuta imadya pa moyo wake wonse zimathera popangidwa. Ngati zili choncho, chaka chilichonse chimene mwawonjezera pa moyo wa kompyuta chikuchedwetsa kupangidwa kwa ina. Kuno mfundoyi ikukula mphamvu chifukwa magetsi athu ambiri amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kotero kuyatsa kompyuta sikutulutsa utsi wambiri ngati m'mayiko amene amatentha malasha.

Mfundo yachitatu ndi ya mapulogalamu aulere. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analowa m'ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi, ndipo Windows 11 sivomereza mapulosesa ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2017. Izi zikutanthauza kuti makompyuta miyandamiyanda amene alibe chilema chilichonse aikidwa m'gulu la otha ntchito. Komatu makina omwewo amayenda bwino ndi Linux. Mwa mitundu ya Linux pali Ubuntu, imene inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndiponso Linux Mint ndi Lubuntu zimene sizilemetsa makina. Pali ChromeOS Flex ya Google yopangidwira makompyuta akale. Ngakhale kumene kulibe intaneti, mapulogalamu monga Kiwix ndi Kolibri amalola kuti kompyuta imodzi isunge Wikipedia ndi maphunziro osiyanasiyana, ena n'kumawerenga kudzera m'mawaya a m'chipinda chomwecho popanda kugula bandulo.

Mfundo za otsutsa

Otsutsa amati tsabola wakale sawawa, ndipo pa makina a gulu loyamba akunena zoona. Chifukwa chawo choyamba ndi magetsi. Kompyuta ya Pentium 4 pamodzi ndi sikirini yake ya chimbuyo imadya mawati pafupifupi 180, pamene laputopu wamba imadya pafupifupi 30. Zikayaka maola 8, yoyambayo yadya pafupifupi yuniti imodzi ndi theka, pamene inayo yadya kotala ya yuniti. Sukulu yokhala ndi makompyuta 20 a mtundu wakalewu ikufuna mawati 3,600 nthawi imodzi, pamene malaputopu 20 akufuna 600 okha. Kwa amene amagula mayunitsi a ESCOM kusiyanaku kumaoneka mwezi uliwonse, ndipo kwa amene amadalira sola ndi inveta kumatanthauza kugula mapanelo ndi mabatire ochuluka kasanu ndi kamodzi. Tikumbukenso kuti kompyuta ya patebulo imazima pomwepo magetsi akathima. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo anthu a mu Blantyre anaona kufunika kwa chida chokhala ndi batire. Komanso kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 2012, kamadya mawati osafika 10 ndipo katsopano kake kamaposa Pentium 4 pa ntchito zambiri.

Chifukwa chachiwiri ndi chitetezo. Microsoft inasiya kutseka mipata ya Windows XP pa 8 Epulo 2014, ndipo ya Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Mpata ukapezeka m'pulogalamu imene yasiyidwa, umakhala wotseguka mpaka kalekale, ndipo akuba a pa intaneti amaudziwa. Mu Meyi 2017 kachilombo ka WannaCry kanalowa m'makompyuta a m'mayiko pafupifupi 150 kudzera pa mpata umene makina osalandira zokonza anali nawo, ndipo kanasokoneza zipatala za ku Britain. Pulogalamu ya Chrome nayo inasiya Windows XP mu 2016 ndi Windows 7 mu 2023, choncho masamba ambiri a lero satseguka bwino pa makina oterewa. Munthu amene akulowa ku banki kapena kulipira msonkho pa Msonkho Online pogwiritsa ntchito Windows XP akuika ndalama zake pachiswe. Wina angati Linux ndiye mankhwala ake, koma nayo ili ndi malire: mitundu ikuluikulu monga Ubuntu inasiya kutulutsa mapulogalamu a mapulosesa a 32-bit, omwe ali m'makina ambiri a gulu loyamba.

Chifukwa chachitatu ndi masipeya ndi nthawi ya mmisiri. Makina ambiri a gulu loyamba amagwiritsa ntchito RAM ndi ma hard disk a IDE amene anasiya kupangidwa, kotero sipeya imene mungapeze ndi yochotsedwa m'kompyuta ina yokalamba chimodzimodzi. Makompyuta ambiri a pakati pa 1999 ndi 2007 anapangidwa ndi makapasita osalimba amene amatupa ndi kutuluka madzi. Fumbi la mwezi wa Okutobala, chinyezi cha nthawi ya dzinja ndi kubwera kwa magetsi mwamphamvu akatha kuthima zimafulumizitsa imfa yake. Mukakonza chiwalo chimodzi, china chimafa mwezi wotsatira, ndipo mukaphatikiza zonse mupeza kuti ndalamazo zikanagula laputopu ya ex-UK yabwinoko.

Zimene zikudziwika ndi zimene anthu akutsutsanabe

Pali zinthu zimene mbali zonse ziwiri zikuvomereza. SSD ndi RAM yowonjezera zimadzutsa makina a gulu lachitatu pa mtengo wotsika. Pulogalamu yosiyidwa siyenera kulumikizidwa ku intaneti. Sikirini za chimbuyo zimadya magetsi ambiri, ndipo galasi lake limakhala ndi mtovu wokwana kilogalamu imodzi kapena kupitirira. Koma pali mafunso amene sanathe. Loyamba ndi lakuti, kodi kukhala ndi kompyuta kumakweza maphunziro? Kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 pa ntchito ya One Laptop per Child ku Peru sanapeze kusintha pa masamu ndi chilankhulo, ngakhale ana analandira malaputopu atsopano. Izi sizikusonyeza kuti makompyuta ndi achabe, koma zikuphunzitsa kuti mphunzitsi wodziwa ndi maphunziro okonzedwa bwino n'zofunika kuposa kukhala ndi makina atsopano. Lachiwiri ndi lakuti, kodi sukulu ingasamukire ku Linux pamene aphunzitsi ndi olemba ntchito anazolowera Word ndi Excel? Ena amaopa kuti mwana adzasokonezeka. Koma LibreOffice imagwira ntchito zomwezo ndipo imatsegula mafayilo omwewo, ndipo amene wamvetsa mmene tebulo la nambala limagwirira ntchito sachedwa kuzolowera pulogalamu ina. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi mmisiri wodziwa Linux amene ali pafupi, ndipo vuto limeneli limatha ndi maphunziro.

Funso lachitatu ndi lolemera kuposa onsewa: kodi kutumiza makompyuta akale ku Africa ndi thandizo kapena ndi njira yotayira zinyalala? Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo 22.3 peresenti yokha ndi imene inatoleredwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo. Mu Africa gawoli silinafike ngakhale 1 peresenti. Pangano la Basel la 1989, limene Malawi ndi membala wake, limaika malire pa kutumizirana zinyalala zoopsa pakati pa mayiko, koma kusiyanitsa kompyuta "yogwiritsidwapo ntchito" ndi chinyalala pa doko n'kovuta. Ku Agbogbloshie mu mzinda wa Accra anthu ankawotcha mawaya kuti apeze mkuwa, akupuma utsi wa poizoni. Kuno chipangizo chakufa chikasakanizidwa ndi zinyalala za m'nyumba chimakathera ku Mzedi, kapena chimatayidwa m'mphepete mwa mitsinje ya Naperi ndi Mudi, kumene mvula imakokololera mtovu m'madzi amene anthu amachapira ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Muyeso wachilungamo ndi zaka za ntchito zimene zatsala. Kompyuta imene idzatumikira zaka zisanu ndi mphatso. Imene idzafe pakatha miyezi isanu ndi umodzi yangosamutsira kuno mtengo woitayira.

Malire ali pati?

Umboni wonsewu ukuloza kumodzi. Kompyuta ndi yoyenera kuidzutsa ngati pulosesa yake ndi ya 64-bit, ngati ili ndi polumikizira pa SATA kuti ilandire SSD, ndiponso ngati RAM yake ingafike 4GB, makamaka 8GB. Makina ambiri a kuyambira 2011 amakwaniritsa izi. Mmisiri ayambe waitsegula, aone ngati makapasita sanatupe, achotse fumbi pa fani, apake mafuta atsopano oziziritsa pulosesa, ndipo asinthe kabatire kakang'ono ka CR2032 kosunga nthawi. Kenako aikemo pulogalamu imene ikulandirabe zokonza za chitetezo. Sikirini ya chimbuyo isinthidwe ndi yopyapyala, ndipo pakhale chida choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu. Ndalama zokonzera zikapitirira theka la mtengo wa laputopu ya ex-UK ya m'badwo watsopanoko, ndi bwino kuleka. Makina a Core 2 Duo angathe kutumikira polemba, posindikiza ndi posunga mabuku owerengera opanda intaneti, bola mwini wake asayembekezere zambiri.

Makina a gulu loyamba sayenera kupatsidwa kwa mwana wasukulu ngati chida chophunzirira, ndipo sukulu ili ndi ufulu wowakana ngakhale abwere mwaulere. Komabe ali ndi ntchito ziwiri zimene zawatsalira. Yoyamba ndi kuphunzitsira achinyamata amene akuphunzira umisiri kumasula ndi kumanga kompyuta popanda kuopa kuwononga chinthu chodula. Yachiwiri ndi kuyendetsa chipangizo chakale, monga makina osindikizira kapena a mulabu, chimene pulogalamu yake siyenda pa makompyuta atsopano, koma izi zichitike popanda kuilumikiza kompyutayo ku intaneti. Asanapereke kapena kugulitsa kompyuta iliyonse, mwini wake aonetsetse kuti hard disk yafufutidwa kotheratu, chifukwa kungochotsa mafayilo sikuwafafaniza. Ofesi imene yasunga mayina, malipiro kapena matenda a anthu ili ndi udindo umenewu pansi pa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024.

Udindo wa aliyense

Kudzutsa makompyuta akale kuli ndi phindu lalikulu m'dziko losowa ndalama zakunja, koma phindulo limadalira kusankha bwino. Makampani ndi mabanki a mu Blantyre amene amasintha makompyuta pakapita zaka zochepa angachite bwino kuwapereka akadali ndi mphamvu, kusiyana ndi kuwasunga m'sitolo mpaka atatheratu. Opereka mphatso ochokera kunja ayenera kutumiza makina oyesedwa, kuphunzitsa amisiri, ndi kunena poyera amene adzawatolere akadzafa. Masukulu aziika pa bajeti ndalama za magetsi ndi zokonzera asanalandire chipinda cha makompyuta. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre, MACRA ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ali ndi ntchito yokhazikitsa malo odziwika bwino otolerako zipangizo zakufa, kuti munthu wa ku Naperi amene ali ndi sikirini yosweka adziwe koipititsa. Zimenezi zikachitika, makina amene akadali ndi zaka zingapo za ntchito adzafika m'manja mwa ophunzira ndi amalonda amene akuwafuna, ndipo amene anatheratu adzamasulidwa mosamala popanda kuwononga madzi ndi nthaka ya mzindawu.